Dashibodi ya Land Rover yanga patatha miyezi 14: penti wa ufa uja wapirira bwanji

Land Rover yanga ndi Series IIA ya 1969, imene amalume anaisiya pansi pa mtengo wa mango ku Chadiza kwa zaka zambiri, nkhuku zikuikira mazira pampando. Galimoto za mtundu uwu zinapangidwa kuyambira 1961 mpaka 1971, ndipo dashibodi yake ndi chitsulo chokhachokha. Ya pulasitiki inabwera ndi Series III. Thupi lakunja ndi aluminiyamu, silichita dzimbiri, koma chipupa cholekanitsa injini ndi anthu ndi chitsulo, ndipo pamenepo dzimbiri linadya ngati chiswe. Chipupacho tinachiwotcherera ndi kuchipopera penti wamba kuno ku Chipata. Tizitsulo tomasuka, monga chimbale chimene pamakhala mageji, mabulaketi ogwira chiwongolero ndi tina ting'onoting'ono, ndinatitumiza ku Lusaka kuti akatichite powder coating. Tinamanga zonse mu Ogasiti chaka chatha. Anzanga a kugalaja akhala akundifunsa ngati ndalama ija sinapite pamadzi, ndiye nayi nkhani yake.

Kwa amene simunaionepo ntchitoyi, penti wake sakhala wamadzi. Ndi ufa wouma ngati wa mgaiwa wosefa bwino. Mfuti yopopera imaupatsa mphamvu ya magetsi, chitsulo chimalumikizidwa ku earth (waya wopititsa magetsi pansi), ndiye ufawo umakakamira pachitsulopo monga mmene tizidutswa ta pepala timakakamira ku chipeso mukachikwecha m'tsitsi. Kenako amachilowetsa mu uvuni wotentha madigiri 180 mpaka 200 kwa mphindi 10 kapena 20, ufa uja n'kusungunuka n'kuuma kukhala chikopa chimodzi. N'chifukwa chake pulasitiki, labala ndi fila wa opanga mabodi sizilowako. N'chifukwa chakenso chipupa chachikulu chija sichinapite, popeza tinali titachimata fila malo angapo. Amene anandichitira ntchitoyi si anthu a magalimoto ayi, ndi opanga mageti ndi mipando ya m'maofesi. Katoni inapita pa basi, makilomita oposa 500 a Great East Road, n'kubwera patatha milungu itatu chifukwa magetsi ankangothimathima, ndipo uvuni wotere sungauyatse ndi kajenereta ka kunyumba.

Pa kupirira dzuwa, fumbi ndi kukandika, ndilibe dandaulo ngakhale limodzi. Galimotoyi yaona Okutobala awiri, ndipo wina anatipeza ku Mfuwe, komwe chitsulo cha m'galimoto chimaotcha dzanja masana. Yameza fumbi la msewu wa Chadiza, yagwedezeka m'mabampu, yagona panja mvula yonse. Mtundu wakuda wosanyezimira umene ndinasankha ukadali momwe unatulukira m'katoni. Ndinaumirira kuti ufa ukhale wa polyester, chifukwa wa epoxy ukapsa ndi dzuwa umatuwa ngati choko, ndipo apa sindinalakwe. Umboni wabwino uli pafupi ndi kiyi. Mulu wa makiyi anga umalendewera n'kumamenya chimbale cha mageji tsiku lililonse, koma palibe ndi kachipsera komwe. Cham'mbali pang'ono, pa shelefu ya penti wamba pomwe ndimaponya sipanala ndi foni, pakandikakandika mpaka kuoneka penti wapansi. Zonsezi zinamangidwa mwezi umodzi. Kupukutanso n'kosavuta: kansanza konyowa basi, fumbi lofiira lija silimamatira.

Mavuto anayamba tsiku lomanga lomwe. Chikopa cha ufa n'chokhuthala kuposa penti wopopera, ndipo ine sindinauze aliyense kuti atseke mabowo. Sipidomita inakana kulowa pamalo pake. Mabauti anakana manati owotcherera pa tizitsulo tija chifukwa m'mizere yake munadzaza ufa wouma gwa. Tinatha Loweruka lathunthu ndi felo ndi sandipepa, kupala ntchito imene ndinali nditalipira. Ili linali vuto langa. Mmisiri wa mageti sangalote kuti bowo ili ndi la geji. Iye amangoona chitsulo.

Koma chimene chinandichititsa manyazi ndi earth, njira imene magetsi amabwerera nayo ku batire. Powder coating salola magetsi kudutsa. M'galimoto zakalezi zinthu zambiri za pa dashibodi zimapeza earth kudzera m'chitsulo chimene zamangidwapo. Kumbuyo kwa mageji kuli kabokosi kakang'ono, voltage stabiliser, kamene kamatsitsa magetsi a batire kuti geji ya mafuta ndi ya kutentha kwa injini zizilandira mavoti pafupifupi 10. Kakasowa earth, kamangodutsitsa magetsi onse, ndipo mageji awiriwo amawerenga mopitirira. Kwa miyezi iwiri ndinkaona muvi wa kutentha uli m'mwamba, ndinasintha thermostat, ndinatsukitsa rediyeta, osadziwa kuti injini ilibe mlandu. Za geji ya mafuta sindinazikayikire n'komwe; munthu ukaona thanki ikuchedwa kutha umangosangalala. Tsiku lina tikutsika ku chigwa, titapitirira Jumbe, injini inatsokomola kawiri n'kuzima, muvi ukuloza kota. Ndinali ndi amalume, eni galimoto akale, amene ndinawatenga kuti akaone mmene ndaikongoletsera. Anatsika, anathyola kamtengo, anakaviika m'thanki, n'kukatulutsa kouma.

"Mphwanga," anatero, "nthawi yanga dashibodi inali yadzimbiri, koma sinkanama."

Tinadikira pamthunzi mpaka mnyamata wa njinga yamoto anatibweretsera kachigubu ka petulo. Titabwerera, amakanika a magetsi anapeza vutolo m'mphindi zosakwana 10. Anapala kadontho ka penti kumbuyo kwa chimbale, anamanga waya wakuda kuchokera pa kabokosi kaja ndi pa geji iliyonse kukafika pa chipupa, basi. Ngakhale timababu ta usiku ta m'mageji, timene ndinkati n'takale chabe, tinayamba kuwala bwino. "Bwana, penti wanuyu ndi wabwino mopitirira," anandiseka.

Dzimbiri linabweranso malo amodzi, chakumapeto kwa Febuluwale mvula itakhazikika. Labala wa tizitseko ta mpweya ta pansi pa galasi ankadontha, madzi n'kumagwera pa bulaketi ya chiwongolero. Bulaketiyo ndi zitsulo ziwiri zosanjikizana, ndipo pakati pake mchenga umene amapopera kuti achotse dzimbiri asanaike ufa sufika. Ufanso umathawa m'makona akuya, umakonda pamalo poonekera. Ndiye mumpatamo munatuluka kamzere kofiirira, ndipo nditakanda ndi chikhadabo, penti anasendeka kachigamba ngati khungu la mbatata yophika. Umu ndi mmene powder coating amafera: satuwa pang'onopang'ono kuti akuchenjezeni, dzimbiri limayenda pansi iye akuoneka bwinobwino pamwamba. Ndinapala, ndinapaka mankhwala a dzimbiri ndi penti wa m'kachitini, koma chigamba chimaoneka, wakudayo ndi wosiyana. Mwayi wake n'ngwakuti pali pansi, amene amaona ndi ine ndekha ndikagwada. Ndikanawapempha kuti ayambe ndi ufa wapansi wa zinki, mwina sindikanalemba ndime ino.

Kachogwirira kamodzi kachitsulo choumba kanabwera ndi timabowo ngati ta singano, chifukwa chitsulo chotere chikatentha chimatulutsa mpweya. Amisiri amati kakanayamba katenthedwa kopanda ufa. Kwa tinthu totere, penti wa m'kachitini akwanira.

Ndiye kwa anzanga amene mukukonza ma Peugeot 404 ndi ma Datsun akale m'magalaja a ku Kapata, ndinganene kuti chitsulo chophwatalala chimene chimakhudzidwa ndi manja, makiyi ndi dzuwa tsiku ndi tsiku, chitumizeni, simudzadandaula. Chosanjikizana, chowotcherera ndi fila, kapena chokhala pomwe pamadontha, yambani mwakonza kudonthako, ndipo mwina penti wamba amene mungamuike chigamba mosavuta ndiye wabwino. Mtengo wake pamodzi ndi wa basi unaposa wa penti wopopera, koma osati mochita kulira nawo.

Mwezi wamawa ndikutumiza marimu. Ulendo uno m'katoni mukhala pepala lojambula bowo lililonse lofunika kutseka, mabauti akale omangiratu m'manati, ndi chizindikiro pamalo pamene rimu imagona pa habu kuti pasafike ufa. Kamtengo ka amalume kaja ndinakasunga, kali kuseri kwa mpando.