Ndemanga ya kampani imene inayendetsa mlendo wathu ku Mkaika ndi ku Mfuwe

Kampani yaing'ono iyi ili ndi ofesi m'tauni ya Chipata, ndipo ntchito yake ndi kukonza maulendo a alendo. Ine ndinaidalira pamene tinkasunga pakhomo pathu mtsikana wochokera ku Germany, wophunzira za unamwino, amene anabwera kudzaphunzira ntchito pachipatala china kuno kum'mawa. Mkati mwa sabata iye ankakhala kuchipatala, koma Loweruka ndi Lamlungu ankafuna kuona dziko, ndipo popeza ife tilibe galimoto, tinagwirizana ndi kampaniyi kuti itiperekeze ku mwambo wa Kulamba komanso kunkhalango ya South Luangwa.

Chimene ndikuyamika koposa ndi bambo amene anatiperekeza ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana chakumapeto kwa Ogasiti kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kuyendetsa mlendo pakati pa namtindi wa anthu, fumbi lili koboo, ambiri angathe. Chovuta ndi kumulowetsa mumwambo mwaulemu, ndipo bambowa anachita zimenezi mosamala kwambiri. Tisananyamuke anandipempha kuti, "Amayi, mwanayu mumuveke chitenje," kenaka anamufotokozera chifukwa chake mafumu amabwera ndi mitulo ndi kudzanena za mmene anthu awo akukhalira. Gule Wamkulu atalowa m'bwalo, iwo anamuuza mtsikanayo kuti asayandikire, asaloze chala, ndipo asajambule asanapemphe kwa akuluakulu a dambwe. Pamene anafuna kusupa, anamuonetsa kuti ndalama amaiika pansi, osati kuipereka m'manja mwa chilombo. Anamuuzanso kuti UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, linazindikira guleyu mu 2005 monga chuma cha anthu onse, koma za kudambwe sanaulule ngakhale mtsikanayo anafunsa mobwerezabwereza, ndipo ine monga Mchewa mtima wanga unakhala pansi.

Pa chakudya sanatitengere kumalo odyera azungu. Tinakhala pamphasa kwa achibale awo pafupi ndi Mkaika, tinadya nsima ndi nkhuku ya kumudzi ndi chibwabwa chotendera, tinamwa thobwa, ndipo atsikana a pakhomopo anaphunzitsa mlendo wathu mavinidwe a chitelele mpaka dzuwa linapendeka. Maubwenzi amene anayambira pamenepo ndi amene anamupatsa kocheza m'masabata otsatira, chifukwa atsikanawo ndiwo ankabwera kudzamutenga kupita naye kumsika wa Kapata ndi kukakwera phiri la Kanjala kukaona tauni yonse ili m'munsi.

Ulendo wa ku Mfuwe, kumene kuli khomo lolowera m'nkhalango ya South Luangwa, unali wabwino pa zimene tinaona, koma wosakonzedwa bwino. South Luangwa inakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa ya dziko mu 1972, kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050, ndipo m'chilimwe nyama zimaunjikana m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa chifukwa madambo amakhala atauma. Tinaona mvuu zitapanikizana m'madzi otsala, njovu zikuwoloka ndi ana awo, komanso akadyansonga a mtundu wa Thornicroft amene sapezeka kwina kulikonse kupatula m'chigwa chimenechi. Usiku, nyali itawunika mumtengo wa mvunguti, tinapeza kambuku atagona panthambi, miyendo ikulendewera uku ndi uku, mchira wokha ukugwedezeka. M'mawa tinayenda pansi limodzi ndi msilikali wa zanyama wonyamula mfuti, ndipo wotiperekeza anafotokoza kuti kayendedwe kameneka anakayambitsa ndi Norman Carr, katswiri woteteza nyama zakutchire, yemwe mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo m'dziko la mfumuyo.

Dandaulo langa lalikulu lili pa ndalama. Mtengo umene anatiuza ku ofesi tinaumva ngati wa zonse, koma titafika pachipata cha nkhalango tinauzidwa kuti ndalama yolowera ndi yapadera, ndipo mlendo wakunja amalipira mtengo wokwera kuposa nzika, wowerengedwa m'madola. Kuti mitengo imasiyana si mlandu wa kampani, chifukwa limenelo ndi lamulo la boma, koma kusatchula zimenezi poyamba ndi kulakwa kwawo. Mwana wasukulu sayenda ndi chikwama chodzaza monga alendo a m'mahotela akuluakulu. Ndalama zake ndi zowerenga, ndipo zinandipweteka kumuona akuchotsa pa ndalama zake zodyera, manyazi ali m'maso. Nditadandaula, mkulu wa kampani anapepesa ndi kutichotserako pang'ono pa mtengo wa malo ogona, komabe sanalonjeze kusintha kafotokozedwe kawo.

Sanatichenjezenso za akashembe, amene amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho mtsikanayo anabwerako miyendo itatupa. Galimoto inali yoyera ndipo dalaivala sankathamanga, ngakhale mazenera akumbuyo sankatseguka, chinthu chovuta kwambiri m'kutentha kwa kuchigwa.

Kwa mabanja ndi zipatala zimene zimalandira ophunzira ochokera kunja, ndikuti kampaniyi itengeni pa maulendo a miyambo, ndipo ife tikuganiza zowapemphanso bambo omwewo mu Febuluwale, pa Nc'wala, mwambo wa Angoni a Inkosi ya Makosi Mpezeni ku Mtenguleni, ngati tidzakhala ndi mlendo wina. Pa ulendo wa ku Mfuwe, musapereke ngakhale ngwee imodzi asanakulembereni papepala mtengo wa galimoto, wa malo ogona, wa chakudya ndi wa pachipata, uliwonse pawokha, ndiponso mlendo wanu anyamule pasipoti ndi chikalata chake chokhalira m'dziko, chifukwa pachipata amafuna umboni wa kumene munthu akuchokera asanamuuze zolipira.