Zomwe ndinaona ku phiri la Wudang

Abale anga kumudzi, mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti zithunzi zija ndinaika pa status mitambo ili m'munsi mwanga ndinajambulira kuti, a zakhali mpaka anafunsa ngati ndalowa chipembedzo china, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Kumeneko ndi ku Wudang, phiri la akachisi a chipembedzo cha Tao, lili m'chigawo cha Hubei chomwechi muli Wuhan komwe ndikuphunzira. Pa sitima yothamanga ija ndi maola awiri ndi kanthu basi, mumatsikira pa siteshoni ya Wudangshan West kufupi ndi tauni ya Shiyan. Ndinapita ndi mnzanga wa m'kalasi, kwawo ndi ku Shiyan konko, ndiye amandimasulira ndi iyeyo chifukwa chitchaina cha agogo a kumapiri kuja ndi china, sichimene timaphunzira m'kalasi ayi.

Ine za Wudang ndimangodziwa kung fu, ya m'mavidiyo timaonera pa trading centre tili ana ija. Ndipo ilikodi, m'munsi mwa phiri muli masukulu ambirimbiri, mamawa mumaona ana ngakhale azungu atandandalika akusewera tai chi pang'onopang'ono ngati akuyenda m'madzi. Eni ake amati anayambitsa ndi wansembe wina Zhang Sanfeng amene ankakhala m'phiri lomweli. Koma zimenezo tinangodutsa, chomwe chinandigwira mtima chinali kutsogolo.

Galimoto za anthu wamba zimathera pa geti, kuchoka apo mumakwera mabasi a paphiri pomwepo, msewu wake wokhotakhota ngati wa ku Golomoti koma osatha, mayi wina pambali panga anagwira jumbo pakamwa ulendo wonse. Tinayamba ndi kachisi wa Zixiao, makoma ofiira, masitepe amiyala, anamumanga mu 1413. Ansembe ake alipo amuna ndi akazi omwe, mikanjo yabuluu, tsitsi lalitali atalimanga kamfundo pamwamba pa mutu, masokosi oyera mpaka m'mawondo. Mnzanga anandichenjeza zinthu ziwiri, kuti pakhomo pali thabwa lalitali lomwe suyenera kuponda, umalidumpha, komanso m'kati osajambula. Munali fungo la lubani ndi matabwa akale, wina akuimba chapansipansi akugogoda kang'oma kamtengo.

Zonsezi anamangitsa ndi mfumu Yongle, yomwe inamanga Forbidden City, nyumba zachifumu za ku Beijing. Ufumu inachita kulanda kwa mwana wa mchimwene wake mu 1402, ndiye inkanena kuti anaithandiza ndi Zhenwu, mulungu wa kumpoto amene amamupembedza paphiripa. Kuyambira 1412 inatumiza anthu pafupifupi 300,000, asilikali ndi amisiri, kukamanga kwa zaka zoposa khumi. Ukamayenda pa masitepe aja ndiye umayamba kuwawerenga anthuwo, mwala uliwonse unakwera pa phewa la munthu.

Kenako tinafika ku Nanyan. Abale, kachisi ameneyu anamumata pa chiphompho penipeni ngati chisa cha namzeze, kumbuyo thanthwe kutsogolo mphepo basi. Ndiye pali mwala wina anausema ngati mutu wa chinjoka chawo chija cha dragon, watulukira kunja pamwamba pa phompho pafupifupi mamita 3, wopyapyala woti mawondo awiri amangokwanira movutikira, ndipo kunsonga kwake kuli kambiya kofukizira lubani. Kale anthu ankakwawa pamwala umenewu kukayatsa lubani kunsongako pofuna kuonetsa kuti pempho lawo ndi lochokera pansi pa mtima, ndipo ambiri anagwa osaonekanso, mpaka mu 1673 akuluakulu a boma analetsa. Pano anatchingapo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali manja ali pa chitsulo, miyendo ikuzizira, ndikudzifunsa kuti munthu vuto lake limakhala lotani kuti afike pokwawa pamenepo. Mayi ake ali gone? Mwana sakubwera m'nyumba? Sindinathe kuwaweruza anthu amenewo.

Kuchoka ku Nanyan kupita pamwamba penipeni pali njira ziwiri, kubwerera pa basi kukakwera cable car, kagalimoto koyenda m'mwamba pa chingwe, ku Qiongtai kapena kuyenda wapansi. Ife tinayenda. Maola atatu ndi theka, masitepe okhaokha, ena oongoka ngati makwerero moti umagwira tcheni cham'mbali ndi manja onse awiri. Amuna ena amatidutsa atanyamula makatoni a madzi ndi matumba a mpunga pa mtengo wa nsungwi paphewa, thukuta lili kamukamu, ena anyamula munthu pa mpando. Ndi chifukwa chake botolo la madzi limakwera mtengo pamene nanunso mukukwera, ndipo ine sindinadandaule polipira.

Pakati pa njira tinakhala pa mwala kupuma, pafupi panali agogo ena aakazi, aafupi, nsapato zansalu, ndodo ya nsungwi ndi kachikwama kofiira kodzaza ndi timitengo ta lubani. Anandiyang'ana kwambiri, kenako anapisa m'thumba kutulutsa nachesi n'kundipatsa, ndikukana anandipanikiza nayo m'manja. Anafunsa kuti kwanu ndi kuti, ndinati Malawi, ku Africa, anangogwedeza mutu, ndiye anafunsa mnzanga uja kuti kodi mayi ake alipo? Ndinati alipo. Anati ndiye akudziwa kuti wadya chani lero? Mnzanga akumasulira anaseka koma ine pakhosi panandigwira. Agogowo akuti ali ndi zaka 74, mwana wawo wamwamuna amagwira ntchito m'fakitale ku Guangdong, amabwera kamodzi pa chaka nthawi ya chaka chatsopano chawo, ndiye iwo chaka chilichonse amakwera phirili wapansi kukamupempherera kuti ping'an, ndiye kuti akhale pa mtendere, asavulale. Cable car akuti sakwera, zopempha za mwana sungapite nazo utakhala pansi.

Tinakwera nawo limodzi mpaka kumwamba, amapuma masitepe makumi awiri aliwonse koma osabwerera m'mbuyo. Nsonga yake amaitcha Tianzhu, mamita 1,612, Sapitwa wathu ndi wamtali kwambiri kuposa pamenepo koma kuno phiri lake ndi losongoka, mbali zonse ndi phompho ndipo mitambo imadutsa m'munsi. Pamwambapo ndi pamene pali Golden Hall, kanyumba kakang'ono ngati chipinda chimodzi, ka mkuwa kokhakokha kokutidwa ndi golide, ka mu 1416. Anakasula zidutswazidutswa ku Beijing, kubwera nazo pa madzi kudzera mu ngalande yaikulu yochita kukumba yotchedwa Grand Canal, mtsinje wa Yangtze ndi wa Han, kenako kukweza paphiri n'kudzalumikiza. M'kati mwakhala Zhenwu wopanda nsapato, tsitsi lili lomasula, ndipo pali kanyali kamafuta komwe eni ake amati sikanazimepo chiyambire ngakhale panja mphepo ikuomba yofuna kukuchotsa chipewa.

A zakhali, mtima ukhale m'malo, lubani sindinayatse ndipo sindinagwadire chilichonse, panalibenso amene anandikakamiza. Ndinaima chapambali pa mpanda wodzaza ndi maloko omwe anthu amakhoma atalembapo mayina awo, ndikuonerera agogo aja. Anaika ndodo pansi, kugwada movutikira bondo limodzi kenako linalo, mphumi mpaka pa mwala katatu, milomo ikuyenda. Ine ndimangoona amayi atagwada pa mphasa usiku chitenje chili kumutu akutchula dzina langa, monga anachitira tsiku lija ndimanyamuka kupita ku KIA. Ndinapemphera kwa Mulungu wanga chamumtima, ndipo mwana wa agogowo wa ku Guangdong ndinamuikamonso.

Potsika tinakwera cable car chifukwa mawondo anali atakana, agogo aja tinasiyana nawo pamwamba pomwepo akuti agona kumeneko atsike mawa. Nthawi inali 2 koloko masana, kwanuko ndi 8 koloko mamawa, ndiye tili m'mwamba muja netiweki itagwira ndinaimbira amayi. Anayankha ali kudimba akuthirira mpiru, atangomva mawu anga anati iwe, wadya?