Sony Handycam, kamera ya "4K" yopanda dzina, kapena foni: ndingagule iti?

Anzanga a ku kwaya ndi ena ojambula maukwati amandifunsa funso lomweli mobwerezabwereza: agule kamera ya kanema kapena foni ikukwanira? Zitatu zomwe anthu amalimbana nazo ndazigwirapo zonse: Sony Handycam HDR-CX405, makamera aja opanda dzina olembedwa 4K pabokosi (kutanthauza chithunzi chooneka bwino kwambiri), ndi foni ya Android. Ndiyamba ndi yomwe inandipweteka.

Kamera yopanda dzina ija ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bokosi lake ndi lokongola, ili ndi rimoti, mabatire awiri, ndipo wogulitsa anandiikirapo memory card ya 64GB ati yabasela. Tinajambulira chinkhoswe. Tsiku lonse kadontho kofiira kankaphethira bwinobwino kuonetsa kuti zikulowa. Usiku pa laputopu mafayilo onse analipo, mayina ndi kukula kwake komwe, koma oyambirira okha ndi omwe anatseguka. Pomwe ankhoswe ankasinthana tambala ndi thadzi panalibe, malangizo a azakhali panalibe. Khadi ija inali yabodza: m'kati ndi yaing'ono, koma anaikonza kuti izinamiza kamera ndi kompyuta kuti ndi 64GB. Malo ake enieni akadzaza, zotsala zimangotayika popanda chenjezo lililonse. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope ya mayi a mtsikana uja ndikuwafotokozera, mtima umandiwawa. Ndalama ungabweze, koma chinkhoswe sachita kawiri.

Khadi iliyonse yatsopano muziiyesa musanapite nayo ku mwambo. Pa Windows pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw. Kamalemba khadi yonse mpaka kudzaza, kenako n'kuwerenganso, ndipo yabodza imagwidwa pomwepo.

Chithunzi cha kamera ija nachonso sichinali 4K yeniyeni, chinali chongofutukula. Zoom yake ndi ya digital yokha, yongokulitsa chithunzi osati ya magalasi, ndiye mukakokera munthu ali kutsogolo kwa holo, nkhope imasungunuka.

Apa m'pomwe Sony imapambana mosachita kufunsa. CX405 inatuluka mu 2015, ndi yakale ndithu, koma zoom yake ya 30x ndi ya magalasi enieni. Mutha kuima kumbuyo kwa tchalitchi n'kukoka dzanja la mkwati akuvekedwa mphete, osadutsa pamaso pa abusa. Panasonic HC-V180 imafika 50x ndipo ndi yabwinonso, kungoti ine dzanja langa linazolowera Sony. Zofooka zilipo: sensa yake, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, ndi yaing'ono, choncho kukada chithunzi chimachita mchenga, ndiponso ilibe pobayira maikolofoni. Mawu a alaliki amabwera limodzi ndi phokoso la jenereta.

Amene mukuitanitsa kunja, funsani ngati ikujambula mogwirizana ndi magetsi a 50Hz kapena a 60Hz. Magetsi athu ndi a 50Hz, a ku America ndi a 60Hz. Kamera yopangidwira msika wa ku America ikhoza kuonetsa kuphethira pansi pa machubu ndi mababu ena a m'holo. Za ku Joni kapena ku UK zimagwirizana ndi magetsi athu.

Koma nkhani yomwe ogulitsa sanena, yomwe imadya ndalama mwakachetechete, imayamba mukamaliza kujambula. Makamera ngati a Sony ndi Panasonic amenewa amajambula mu AVCHD, njira yomwe Sony ndi Panasonic anayambitsa mu 2006. Mafayilo ake amathera ndi .MTS ndipo amabisala m'kati mwa mafoda: PRIVATE, AVCHD, BDMV, kenako STREAM. Pa 24Mbps (kuchuluka kwa deta yomwe kamera imalemba pa sekondi) ola limodzi limadya pafupifupi 11GB, pa 17Mbps pafupifupi 8GB. Ukwati woyamba m'mawa kutchalitchi n'kutha madzulo ndi perekaniperekani udzaza khadi ya 32GB usanathe. Ndiye pa mtengo wa kamera onjezanipo makhadi ndi hard drive, makamaka awiri, chifukwa hard drive ikagwa pansi kamodzi ntchito ya chaka chonse yapita. Mukamakopera, tengani foda yonse ya PRIVATE, osati kutola mafayilo m'modzim'modzi. Kamera imadula kanema wautali m'zidutswa, ndipo zomwe zimathandiza pulogalamu kuzilumikiza bwino zili m'mafoda enawo.

Kenako eni ukwati akufuna kuonera. Mwaika pa fulashi, abaya pa TV ya pabalaza, TV yakana fayilo. Ina imaonetsa chithunzi koma mawu zii, chifukwa AVCHD imasunga mawu mu Dolby Digital ndipo ma TV ena otchipa ndi mafoni ena saimva. Pa kompyuta pulogalamu ya VLC imatsegula popanda vuto. Za pa TV ndi pa foni muyenera kusandutsa kukhala MP4 ndi pulogalamu ya HandBrake, yomwe ndi yaulere, koma pa laputopu yakale ndi ntchito ya maola, ndipo magetsi akazima pakati batire n'kutha, muyambiranso. Fulashi ikakhala yofomatidwa mu njira ya FAT32 sidzalandira fayilo yopitirira 4GB ngakhale malo alipo. Oumirira DVD muziwauziratu kuti imatenga 4.7GB yokha ndipo chithunzi chake si HD.

Chimene chinandimangirira ku CX405 ndi Dual Video REC. Mukaiyatsa, kamera imajambula ziwiri nthawi imodzi: ya AVCHD yosunga, ndi ka MP4 ka 720p kosafika 2GB pa ola. Kameneka ndi komwe ndimadula n'kutumizira achibale usiku womwewo.

Foni pa kugawa ilibe mnzake. Imajambula MP4, mwamaliza, mwatumiza. Masana, munthu ali pafupi, foni yabwino imatha kuposa Sony pa chithunzi. Koma itenthe padzuwa la Okutobala, malo adzaze, wina aimbe pakati pa malumbiro, mudzalakalaka kamera. Pa kwaya yoimba nyimbo imodzi ikukwana. Pa mwambo wa tsiku lonse sindingaidalire.

Potumiza, WhatsApp imafinya kanema mpaka zilembo za pa keke osawerengeka, pokhapokha mutumize ngati document, yomwe imalola mpaka 2GB. Google Drive yaulere ndi 15GB, ola limodzi la AVCHD latsala pang'ono kuimaliza. Kwa achibale a kunja ine ndimaika pa YouTube ngati unlisted, kuti aone okhawo omwe ali ndi link, n'kuwapatsa link-yo. Mutsimikize kaye akaunti ndi nambala ya foni, apo ayi siilola kanema wopitirira mphindi 15. Bandulo yokwezera zonsezi muziiwerengera pa mtengo womwe mukutchaja, chifukwa ikapanda kutero ituluka m'thumba mwanu.

Ndiye amene mumajambula zolipidwa, gulani Sony kapena Panasonic, ngakhale yogwirapo kale ntchito, bola muiyese zoom ndi batire pamaso pa wogulitsa. Amene mukufuna za pabanja zokha, sungani ndalamayo mugulire foni power bank ndi katripod. Ya 4K yopanda dzina ija, ngakhale atakupatsani ulere, musapite nayo ku mwambo wa munthu.