Kabati ya McIntosh ndi yabwino, koma samalani ndi kansalu koyala pamwamba

Wogulitsa ndikanamupatsa nyenyezi imodzi, kabatiyo zisanu. Poti pa tsamba lino la ndemanga salola kugawa, ndaika zitatu.

Ndinagula sideboard (kabati yaitali m'litali yosungiramo mbale) ya kampani ya McIntosh, mtundu uja wa Dunvegan, pa shopu ina ya mipando yakale kuno ku Glasgow. £680, kuwonjezerapo £60 ina yobweretsera. Papita miyezi inayi tsopano. Ndinadikira dala kuti mtima uyambe watsika ndisanalembe, koma ndikayang'ana pakona ya kumanzere umakwerabe.

Ndinayamba kuiona pa Facebook. Pa zithunzi zonse panali kansalu koluka koyera, ndi mphika wa maluwa pamwamba pake. Ine mumtima ndinangoti bambo ogulitsawa amadziwa kukongoletsa malonda. Nditafika ku shopu, kansalu kali pompo, maluwa ali pompo. Ndinatsegula zitseko, ndinakoka madirowa onse atatu, mpaka kugwada pansi kusuzumira kunsi ngati sinafumbwe, chifukwa mnzanga wa kuntchito anali atandichenjeza kuti kuno kuli tizilombo timene timaboola thabwa la kumbuyo timauna ting'onoting'ono ngati anankafumbwe m'chimanga. Zonsezo ndinachita. Chophweka chenicheni, kunyamula mphika wa maluwa uja, ndiye sindinachite. Ndinaopa kuoneka ngati ndikuwakayikira, poti anali munthu wachikulire komanso wansangala. Pofuna kunditsimikizira kuti yonse ndi ya thabwa la mtengo wa teak, anagogoda pamwamba ndi chala n'kunena kuti, "Mayi, iyi ndi teak yokhayokha, kuyambira pamwamba mpaka miyendo."

Tinapangana Loweruka m'mawa, anthu awiri, mpaka m'nyumba. Ndinanena kawiri kuti timakhala m'mwamba mwachitatu ndipo mulibe lifiti. Kunabwera mnyamata mmodzi, 4 koloko madzulo, mvula ikuwaza, ati za masitepe sanamuuze. Anaisiya pansi pa masitepe n'kumapita. Bambo a kunyumba anachita kuimbira alamu anga ku Paisley, ndipo awiriwo anaikweza atachotsa madirowa. Chinthu cha mamita awiri pa masitepe okhota a nyumba zakale za kuno, amene mumakhalamo mukudziwa.

Titachotsa bulangete limene anakulungira, ndi pamene ndinaona. Pamalo penipeni pamene panali maluwa paja pali mkombero wakuda bii, waukulu ngati mbale ya ndiwo. Chapafupi, m'mphepete, kachidutswa kotalika ngati chala kanali katabenthuka, ndipo munthu anali atapakapo chinachake chofiirira kuti pasaoneke. Nditapukuta ndi kansanza konyowa utoto uja unatsalira pa kansanzako, pansi pake n'kuoneka thabwa lina lotuwa. Teak yokhayokha ija. Bambo a kunyumba, thukuta lili kamukamu, anangoti, "Amayi, ndiye kuti £680 ija mwagula ndi chipsera chomwe?" Alamu anayang'ana kudenga kuti asaseke.

Ndinaimbira wogulitsa uja nthawi yomweyo. Nsangala ija inali itathera pa kauntala. "Mayi, chinthucho chili ndi zaka 60, mumayembekezera chiyani? Mwina achibale anuwo achigunditsa pa masitepe." Ndinawafunsa kuti masitepe ake ati amene amajambula mkombero wozungulira bwinobwino, n'kupakanso utoto pamene abenthula. Ndinawatumizira zithunzi zawo zomwe za pa Facebook, maluwa ali pakona yomweyo pa chithunzi chilichonse, ngakhale chojambulira kumbuyo. Anakhala chete masiku atatu, kenako uthenga wachidule woti andibwezera £30 "posonyeza mtima wabwino". Chimene chinandiwawa si chipseracho ayi. Akanangonena kuti pali banga apa, mtengo ndi uwu, mwina ndikanagulabe. Koma kundiyang'ana m'maso, kumwetulira, dzanja lili pafupi ndi maluwa omwewo, chimenecho n'chimene sindikuiwala.

Amene anandikhazika mtima pansi ndi agogo ena aamuna okhala m'nyumba ya pansi pathu, amene anagwira ukalipentala moyo wawo wonse. Anamva phokoso la pa masitepe lija, ndipo Lolemba anakwera okha kudzaona. Anayamba ndi kufuna chizindikiro cha kampani m'kati, atachipeza anagwedeza mutu kuti ndi yeniyeni. Anandiuza kuti fakitale ya A.H. McIntosh inali ku Kirkcaldy ku Fife kuyambira 1869, ndipo makabati ataliatali a m'zaka za m'ma 1960 amenewa anawajambula ndi Tom Robertson, potengera kapangidwe ka ku Denmark kamene kanali m'fasho nthawi imeneyo. Za teak anaseka. Ati pamwamba ndi zitseko za makabati amenewa ndi kachikutiro kopyapyala ka teak komata pa thabwa lina, ndipo si chinyengo, ndi mmene ankapangira, chifukwa thabwa lalikulu lathunthu limapindika m'nyumba zotenthetsa ngati za kuno. Ndiye bodza linali la wogulitsa, osati la opanga.

Anandiletsa chimene ndinali nditatsala pang'ono kuchita, kukwecha ndi sandipepala. Kachikutiroko sikafika ndi milimita imodzi yomwe, ukangolimbitsa dzanja waboola. Anandiphunzitsanso kuti banga loyera ndiye kuti chinyontho chili mu vanishi mokha, limachoka ndi simbi yofunda pamwamba pa kansalu kouma, pamene lakuda ndiye kuti madzi analowa m'thabwa. Langa lakudali analipaka mankhwala otchedwa oxalic acid katatu, kudikira kuti paume nthawi iliyonse, kenako mafuta a teak. Pobenthuka paja anamatapo kachidutswa kena kochokera m'bokosi lawo la zotsalira. Ndalama anakana, anangolandira mandasi.

Chiyambire kuigwiritsa ntchito ndilibe nayo chifukwa, ndipo apa ndinene chilungamo. Madirowa amayenda opanda kukakamira, yapamwamba ili ndi tizigawo ta masipuni, mafoloko ndi mipeni. Kuseri kwa zitseko ziwiri kwalowa mbale zonse za alendo ndi mabakuli, zimene kale zinkakhala m'makatoni pansi pa bedi. Chitseko china chotsegukira pansi anapangira mabotolo a mowa, ife poti sitimwa ndimasungamo tiyi wa Chombe ndi Nali wochokera kumudzi, ndipo kathabwa kakuda kochita kukoka ndimaikapo tiipoti. Ndi yaifupi, imandifika cha m'chiuno, choncho Lamulungu tikakhala ndi alendo ndimandandalika chakudya pamwamba aliyense n'kumadzitengera. Poyamba ndinkaiona ngati yosamalizidwa, chifukwa ndinakula ndi displeyi ya amayi ku Ndirande, yamagalasi, yoti makapu aoneke ngakhale samwedwera. Iyi imabisa zonse. Ndazolowera, ndipo fumbi lopukuta lachepa.

Fungo la fodya wakale m'madirowa linatenga masabata atatu ndi soda kuti lithe. Chitseko chimodzi chimafuna kukankha kawiri. Kabati yomanga wekha imene tinali nayo poyamba inafufuma itangotayikiridwa madzi kamodzi, iyi yapirira zaka 60 ndi mphika wodontha wa munthu wina, ndiye sindingadandaule za chitseko.

Mukapita pa shopu imeneyo kapena ina iliyonse, auzeni achotse chilichonse chili pamwamba, muone ndi tochi ya foni, ndipo za masitepe alembe pa lisiti. £30 ija mpaka lero sinafike. Mkombero uja unazilala koma dzuwa likalowera pa windo umaonekabe pang'ono, ndiye ndinayalapo kansalu koluka kanga. Alamu akabwera amayamba akanyamula kaye asanakhale pansi.