Ndemanga ya chikwama chobereka cha malita 45 pa ulendo wa minibasi, kabaza ndi sitima

Chikwama chimene tikunena pano ndi chija chobereka kumsana cha malita 45, chotsekula ndi zipi kutsogolo konse ngati sutikesi, chokhala ndi timizati tiwiri ta aluminiyamu kumsana ndi lamba wokhuthala wa m'chiuno. Chopanda kanthu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Tachiyesa pa njira imene oyenda mosamala ndalama amakonda: kuchoka ku Limbe kudzera ku Zomba mpaka ku Liwonde, kenako Mangochi ndi Cape Maclear, kupatukira ku Mua, n'kulowera kumpoto panyanja mpaka ku Nkhata Bay. N'choyenera kugula, koma pa nkhani ya madzi musachikhulupirire, ndipo zipi zake zimafuna kuzisamala.

Ubwino wake waukulu ndi msinkhu. M'minibasi yodzaza, chikwama cha malita 65 kapena 70 chilibe malo: kondakitala amachiponya kubuti kapena amakuuzani kuti muchilipirire mpando. Ichi chimakwana pamiyendo. Zimenezi si zazing'ono, chifukwa kubuti chimakakhala pamodzi ndi zigubu za mafuta, madengu a nsomba ndi matumba a makala, ndipo buti ikakana kutsekeka amangoimanga ndi chingwe, malamba n'kumalendewera panja. Chikakakamizika kupita kumeneko, chilowetseni kaye m'thumba la ufa la makilogalamu 50 lochapa bwino, n'kumanga kukamwa. Thumba limeneli limapindika n'kukhala m'kathumba ka m'mbali, ndipo limateteza kuposa chovindikira chamvula chimene chimabwera ndi chikwamacho. Pa kabaza wa njinga yamoto, mupatseni woyendetsa achiike patsogolo pake. Mukachibereka muli kumbuyo, chimakukokerani chagada pa chitunda chilichonse.

Ambiri amene amadandaula kuti chikwama chotere chimapweteka mapewa amakhala kuti sanachimange bwino. Katundu ayenera kukhazikika pachiuno, monga amakhalira mwana wobereka bwino, osati kulendewera m'mapewa. Masulani malamba onse musanabereke. Ikani lamba wamkulu pamwamba penipeni pa mafupa a m'chiuno ndi kukoka mwamphamvu. Mukatero kokani a m'mapewa mpaka chikwama chigunde msana, osafika pofinya. Pali timalamba tiwiri tochoka pamwamba pa mapewa kupita pamutu pa chikwama. Timeneti ndi timene timachiletsa kupendekera kumbuyo, ndipo anthu ambiri satikhudza n'komwe. Kalamba ka pachifuwa kamabwera komaliza, kongogwira chabe, kuti muzipuma bwino. Lamba wa m'chiuno wa chikwamachi ndi wabwino kwambiri kwa munthu wathupi, koma kwa woonda amatha asanagwire. Yesani m'sitolo momwemo muli ndi katundu mkati. Ngati mwakoka mpaka kumapeto koma akuterereka, chisiyeni, si chanu.

Katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lanu. Munthu wa makilogalamu 60 asadutse 12, ndipo powerengera musaiwale madzi, popeza lita iliyonse ndi kilogalamu yathunthu, ndipo m'chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala malita awiri sachedwa kutha. Malaya atatu, mathalauza awiri, juzi imodzi yovala kumalo ozizira ngati ku Zomba ndi ku Dedza, neti ya udzudzu, patapata, tochi, mankhwala ndi chitenje zimakwana n'kutsala malo a zogula. Zolemera zikhale pakati, zogundana ndi msana, zofewa pansi. Mukaika zolemera kunja, timizati tija timapindika ndipo mumayenda mowerama.

Siponji ya kumsana imamwa thukuta kwambiri. Likauma limasiya mchere woyera umene umaumitsa nsalu ndi kukhula khungu. Kutsuka ndi madzi okha sabata iliyonse kumathetsa zimenezi.

Pa madzi ndi pamene chikwamachi chimafooka. Nsalu yake ili ndi utoto wa pulasitiki mkati woletsa madzi, koma misoko ndi zipi zilibe chotchinga. Chovindikira chamvula chimakuta kutsogolo ndi m'mbali basi. Mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo imatsika pakhosi, kudutsa pakati pa msana ndi chikwama, n'kukadikha pansi pomwe pali zofunda. Panyanja ndiye zimaposa apa. Sitima ya Ilala ikaima pamalo opanda doko, anthu ndi katundu amapita kumtunda pa maboti ang'onoang'ono, zikwama zitaunjikidwa pansi pamene nthawi zambiri pamakhala madzi, ndipo kukakhala mwera mafunde amawaza aliyense. Mankhwala ake ndi osavuta: yalani jumbo lalikulu lolimba mkati musanalongedze chilichonse, mulipotokole kukamwa ndi kulipinda. Pasipoti, foni, chaja ndi ndalama zikhale m'jumbo lawolawo lotsekeka. Chikanyowa, chitsekuleni chonse ndi kuchiyanika pamthunzi podutsa mphepo. Mukachisunga chachinyezi chimachita chuku, ndipo utoto wa mkati uja umayamba kumata ndi kusupuka. Mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi mankhwala otchedwa DEET nawonso amasungunula pulasitiki, choncho botolo lake likhale m'jumbo, m'kathumba kakunja.

Zipi yaikulu ndi imene imachititsa chikwamachi kukoma, chifukwa simuchita kukhutula zonse kuti mupeze sokosi. Ndi yomweyonso imene imayamba kuvuta. Mchenga wa ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, ndi fumbi la misewu yadothi zimalowa m'mano ake, kachitsulo kokokera kamaperepeseka mkati n'kutanuka pang'ono, kenako mumakoka zipi koma kumbuyo ikutsekuka yokha. Ambiri amaganiza kuti zipi yonse yatha, chonsecho ndi kachitsuloko basi. Katsineni pang'onopang'ono ndi pulayala mbali zonse ziwiri, muyese, n'kubwerezanso ngati sikanagwire. Mukafinya kwambiri kamathyoka. Kupewa kwake ndi kutsuka mano a zipi ndi mswachi wakale mukachoka kugombe, ndi kumanga malamba a m'mbali musanakoke zipi kuti isamalimbane yokha ndi katundu. Mafuta ophikira kapena girisi musapakepo, zimangoitana mchenga wina. Pamene msoko wamasuka, osoka nsapato pamsika ali ndi ulusi ndi singano zoyenera kuposa telala wa zovala.

Kunkhalango, mtundu wa chikwama uli ndi ntchito. Chimapezeka chakuda, chabuluu ndi chobiriwira motuwa. Tengani chobiriwira. Kashembe amakopeka ndi buluu ndi zakuda, n'chifukwa chake misampha yake imene mumaiona m'mbali mwa misewu ya m'nkhalango imakhala ya nsalu za mitundu iwiri imeneyi. Ku Nkhotakota ndi ku Vwaza kashembe alipo, amaluma ngakhale pa malaya opyapyala, ndipo ndi amene amafalitsa matenda a kaodzera. Ku Liwonde, kumene bungwe la African Parks lakhala likusamalira kuyambira 2015, ulendo wa boti pa Shire wokaona mvuu, ng'ona ndi njovu sufuna chikwama chachikulu. Chisiyeni pamsasa, mutenge kachikwama kakang'ono ka madzi, chipewa ndi kamera. Apa pali chosowa chenicheni: chikwamachi sichibwera ndi kachikwama kotere, muyenera kugula padera. Poyenda pansi ndi mlonda wa nkhalango, tizitsulo ta zipi timalira ngati tindalama; timangeni ndi kachingwe ka nsalu. Ndipo musasiyemo chakudya usiku. Anyani ndi apusi a pamisasa anazolowera zikwama, akakanika kutsekula amang'amba, pamene fungo la zipatso m'tenti likhoza kukuitanirani njovu. Chakudya chikagone kukhitchini ya pamsasa.

M'misika ya ku Limbe, Lilongwe kapena Mzuzu, tinjira ndi topanikiza ndipo chikwamachi, pokhala chopyapyala m'mbali, sichigwetsa tomato wa anthu potembenuka. Koma kathumba kapamwamba kali kuseri kwa mutu wanu, pamene simuona, ndipo kamatsekuka osamva. Foni ndi chikwama cha ndalama zisakhale mmenemo. Tizitsulo ta zipi yaikulu tili ndi mabowo olowetsa kaloko kakang'ono, zimene n'zothandiza m'zipinda zogona anthu ambiri, ngakhale kuti kathumba kaja kalibe.

Zogula zimakwana bwino ngati mwasiya malo kuchokera kunyumba. Ziboliboli za ku Kungoni, ku Mua, kumene kulinso nyumba ya Chamare yosungiramo zigoba za gule wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, muzikulunge m'chitenje ndi kuziika pakati pa zovala, nsonga zake zisaloze kunsalu. Makapu adothi a ku Dedza muwadzaze masokosi, asagundane ndi timizati. Usipa wouma ndi utaka zikhale m'majumbo awiri, kunja kwa jumbo la zovala, popeza fungo lake likalowa m'siponji silichoka msanga. Mukafika pamudzi, tulani chikwama musanapereke moni. Kugwada kapena kukhala pamphasa chili kumsana sikutheka, komanso sizioneka zaulemu.

Zikwama zamtunduwu zimapezekanso pa kaunjika pamtengo wotsika, ndipo zina zimakhala zolimba kuposa zatsopano. Musanalipire, pisani dzanja mkati: pakamata kapena pakamagwa tizidutswa toyera, utoto woletsa madzi unatha. Mangani ndi kumasula chomangira cha lamba wa m'chiuno kangapo, muone ngati chilibe mng'alu, chifukwa chomangira cha msinkhu umenewo n'chovuta kuchipeza mukakhala kutali ndi tawuni. Onaninso pamene malamba a m'mapewa alumikizana ndi chikwama, mukoke mwamphamvu, ndipo tsimikizani kuti timizati tonse tiwiri tilimo.