Vinyl ndi matailosi, zaka ziwiri ndikuponda zonse

Ndadikira dala zaka ziwiri ndisanalembe ndemangayi chifukwa chinthu chikadali chatsopano chilichonse chimaoneka bwino. Ife pansi m'nyumba mwathu tinaika vinyl ija ya timatabwa tapulasitiki tolumana tokha popanda guluu, yokhuthala 5mm, pabalaza ndi kuzipinda zogona, koma kukhitchini ndi kubafa tinaika matailosi a porcelain.

Vinyl ndaikonda, osanama. Ukadzuka m'mawa wopanda nsapato sikuzizira ngati pamatailosi, mwana akagwa amangodzuka nkumapitiriza kusewera, kapu yagalasi inagwapo kawiri osasweka pomwe kukhitchini mbale ikangopulumuka m'manja basi katengeni tsache. Kuika kwakenso sikunachedwe, makatoni anagona m'nyumba masiku awiri kuti azolowere kutentha kwa m'katimo kenako amisiri anamaliza tsiku limodzi madzulo tikuyendapo kale, popanda fumbi lija la makina odulira matailosi lomwe limakalowa mpaka m'makabati.

Koma apa ndiye mumve bwino. Vinyl siibisa kanthu. Simenti ya pabalaza inali ndi kadzenje chapakati, mmisiri akuti aaa bwana musadandaule izi zikwiririka, ine nkuvomera poti mtima unali kale pa zosamukira m'nyumbamo. Patangotha miyezi ingapo pamalopo panayamba kumira ukapondapo, kenako mano olumikizira aja anathyoka timatabwa tiwiri nkusiya mpata. Ndipo sungangozula kamodzi pakati ayi, tinachita kumasula mzere ndi mzere kuyambira kukhoma mpaka kufika pomwepo, kusalaza pansi, nkubwezeretsanso. Mwayi wake tinali titasunga katoni imodzi yotsala, mukakagula ina pambuyo pake mtundu umatha kusiyana pang'ono. Sindingainamizire vinyl pamenepa, koma m'thumba munatuluka kawiri.

Zina ndi zake ndithu. Pafupi ndi zenera lalikulu mtundu wayamba kusuluka ndi dzuwa, pano makatani timatseka masana. Miyendo ya sofa yasiya timaenje, ndipo tsiku lina achimwene anga anakoka kabati osainyamula, mzere wake ulipo mpaka lero ndimauona ndikangolowa. Pogula musamangofunsa kukhuthala kwa thabwa lonse, funsani za kakhungu ka pamwamba kaja, kathu ndi ka 0.3mm ndipo ndinadziwa mochedwa kuti kuli ka 0.5mm kopirira bwino. Musaiwalenso kuti ndi pulasitiki, ayironi yotentha musayerekeze kuikhazika pansi.

Matailosi ndilibe nawo nkhani zambiri. Madzi, mafuta otentha, mpeni kugwa, ali chimodzimodzi ngati tsiku loyamba. Chonditopetsa ndi grout, ija amathira m'mizere. Tinasankha yoyera poti imaoneka yaukhondo, pano yada bii ndipo kukolopa kokha sikuthandiza mpaka ugwade ndi burashi. Kubafa tinatenga osanyezimira chifukwa onyezimira aja akanyowa ndi sopo amaterera zoopsa, pamenepo ndiye tinaganiza bwino.

Vinyl ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5, kuzipinda zogona ndingaikenso mawa lomwe. Pomwe ndikudandaula ndi pakhomo lolowera, mchenga wa kunsapato wapakalakala moti pafwifwa kusiyana ndi pena ponse, ndiye chaka chamawa tikufuna tizule mizere ya pamenepo tiikepo matailosi akuderako, ndi grout yakuda ulendo uno.