Sola yanga patatha chaka ndi miyezi isanu, zoona zake ndi izi

Ndinakulonjezani kuti ndidzabwera kudzanena mmene sola ikuyendera ikadzatha chaka, ndiye ndachedwa pang'ono koma ndafika. Kwa amene simunaone poyamba paja, ndinagula invata (chipangizo chosintha mphamvu ya mu batire kukhala magetsi a m'nyumba) ya 3kVA, mapanelo anayi ndi mabatire awiri a gel a 200Ah, nyumba yake ndi ya ku Machinjiri kuno. Ndinagula mu Okutobala 2023, mwamwayi ndithu chifukwa mwezi wotsatirawo kwacha inagwa ndi 44 pelesenti ndipo zinthu zomwezo mmashopu ku Limbe zinakwera mtengo sabata yomweyo, anzanga amene ankati adikire kaye bonasi ya Disembala mpaka pano akungodikirabe.

Chimene chinandikankha kwenikweni ndi 2022, nthawi imene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira mu Januwale, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka tsiku limodzi. Dziko lathu magetsi ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, Nkula, Tedzani, Kapichira, ndiye pena pakangovuta tonse tili mumdima. Chaka chimenecho mayi a kunyumba anataya nyama yambiri mu filiji moti anasiya kugula yosunga, ine ntchito yanga ya pa kompyuta ndinkakagwirira kwa mlamu wanga ku tauni ngati munthu wopanda kwawo.

Zabwino ndinene mwachangu. Magetsi akazima sitidziwanso, timangomva ana a aneba akukuwa kuti abwera ndiye m'pamene timazindikira kuti anali atapita. Mababu, TV, filiji, kutchaja mafoni, rauta ya intaneti, zonse bwinobwino.

Koma nkhani ili pa batire abale anga. Munthu amene anandiikira, sinditchula dzina, anandiuza kuti mabatire awiriwa adzandisunga usiku wonse opanda vuto, chimene sananene n'choti batire ya mtundu umenewu sufunika kuikama kupitirira theka, ukamaitsitsa mpaka pansi tsiku ndi tsiku ikufa msanga. Ndiye pa pepala ndili ndi mayunitsi pafupifupi asanu osungidwa koma ogwiritsa ntchito enieni ndi awiri ndi theka basi. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba sindinkadziwa, filiji inkagona yoyaka, ana akuonera TV mpaka 11 koloko, pofika Julayi invata inayamba kulira tii tii tii cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Phokoso limenelo ndimalimva ngakhale m'maloto. Ndimadzuka ndi tochi ya pa foni, kukazimitsa filiji, kubwerera kukagona mayi akunyumba akungoti "si munati zatha izi bambo a Chiso?" Panopa batire imodzi yafooka kwambiri ndipo amisiri awiri andiuza zofanana, kuti sungasakanize yatsopano ndi yakale, yakaleyo imakoka inzake. Ndiye kugula ndi ziwiri kapena kulowa ya lithium imene mtengo wake umapweteka mutu koma imapirira zaka zambiri.

Chachiwiri ndi chiperoni. Ogulitsa amakuwerengera dzuwa la Okutobala, sakuuza za Juni ndi Julayi kuno ku Blantyre pamene mitambo imatha masiku atatu osasuntha, kamvula kowaza, mapanelo akungopereka timphamvu tochepa. Ndiyenso fumbi. Mu Seputembala ndinaona kuti batire sikudzadza masana, ndinkaganiza kuti invata yawonongeka, mphwanga atakwera padenga anapeza mapanelo ofiira ngati msewu wa kumudzi, kuphatikiza zitosi za nkhunda za aneba. Ndowa imodzi ya madzi ndi kansalu, zinthu zinabwerera mwakale. Tsopano timatsuka kawiri pa mwezi m'chilimwe, m'mawa kusanatenthe.

Funso limene ambiri munandifunsa ndi loti kodi ndalama ya mayunitsi yatsika? Yatsika koma osati mmene mukuganizira. Zinthu zimene zimadya mayunitsi m'nyumba ndi kuka, ayironi ndi ketulo, ndipo zimenezo pa sola yanga sizikwera, mtsikana wathu anayesapo kusita tsiku lina invata inazima nthawi yomweyo. Ndiye nyemba tikuphikabe pa mbaula, thumba la makala tikugulabe, mita tikuithirabe mayunitsi. MERA ikavomereza kuti mtengo wa magetsi ukwere nane ndimamva kuwawa ngati wina aliyense, kungoti pang'ono. Amene akukuuzani kuti ndalama yanu ibwerera m'zaka ziwiri mufunseni ngati wawerengera batire yachiwiri.

Chimandisangalatsa n'choti ngakhale akuluakulu akukumana ndi zomwezi. Sola ya ku Salima ija ya mamegawati 60 imathandiza masana, koma madzulo pamene aliyense wayatsa kuka dzuwa lapita, n'chifukwa chake ya ku Golomoti anaiikira mabatire. Vuto la pa denga langa ndi lomwelo la dziko, kupanga masana n'kosavuta, kusunga ndiye ndalama.

Ndikanati ndiyambirenso ndikanagula mapanelo omwewa ndi invata yomweyi, sizinandivutepo, koma ndikanadikira miyezi ingapo n'kugula lithium imodzi. Pakadali pano filiji timaizimitsa 10 koloko usiku, tinaikamo mabotolo a madzi oundana kuti izisunga kuzizira mpaka m'mawa, ndipo Chiso amadziwa kuti kanambala ka mphamvu ya batire pa invata kakatsika kufika 24 katuni watha.